Jeke ya matani angati, nanga njerwa sizingakwane?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia. Akuti: "Ndili ndi Toyota Hilux yakale ya zitseko zinayi yomwe ndimanyamulira mbatata ya kachewere kupita nayo ku Tete, ndipo mayi a kunyumba ali ndi ka Vitz. Ndatopa n'kulipira amakaniko pa tintchito ngati kusintha mapadi a mabuleki ndi oyilo. M'sitolo ina ku Tete ndinaona jeke ya matayala ya matani 2 yotsika mtengo, ndi ina ya matani 3 yodula ndithu. Nditenge iti? Wogulitsayo ankandikakamizanso masitandi, koma ndikuona ngati amangofuna ndalama, poti kwathu kuno timangoika njerwa."

Bambo, wogulitsayo ndalama zanu ankazifunadi, ndiyo ntchito yake, koma pa masitandi, zitsulo za miyendo zokhazikapo galimoto ikakwezedwa, sanakunamizeni. Ndiyamba ndi zimenezo, za jeke zibwera pambuyo, chifukwa ndalama zikachepa chinthu choyamba kugula si jeke ayi.

Mukapopa jeke ya oyilo galimoto n'kukwera, chomwe chaigwira m'mwambamo si chitsulo chikuluchikulu mukuchionacho. Ndi oyilo wochepa wotsekeredwa mkati, ndipo chamutsekera ndi timphira tiwiri titatu ndi kampira kachitsulo kangati njere ya nandolo kamene kamakhala pakamwa pa valavu. Kamchenga kamodzi kakalowa pansi pa kampirako, kapena mphira ikang'aluka ndi ukalamba, oyilo amabwerera kumene anachokera. Nthawi zina galimoto imatsika pang'onopang'ono osaiona, n'kudzangozindikira chasisi, zitsulo zikuluzikulu za kunsi kwa galimoto, chakukhudzani pachifuwa. Nthawi zina imatsika kamodzi. Palinso mwana wodutsa amene angapotokole mpini wa jeke posewera. Sitandi ilibe oyilo, ilibe mphira, ilibe valavu. Ndi chitsulo chokhala pa chitsulo chinzake basi. Jeke ntchito yake ndi kukweza ndi kutsitsa. Yogwira galimoto inu muli kunsi ndi sitandi.

Za njerwazo ndinaziona ndi maso anga ndikadali wophunzira ntchito. Mnyamata mnzanga analowa kunsi kwa pikapu kukamasula bawuti ya sipuling'i. Galimoto inali pa jeke ya botolo, ija yopanda matayala yoima chilili ngati botolo, ndipo pambali anali atasanja njerwa zinayi zowotcha, zooneka zolimba bwino. Bawuti inali ya dzimbiri, ndiye anaika paipi ku sipanala n'kukoka ndi mphamvu zake zonse. Galimoto inagwedezeka pang'ono, mutu wa jeke n'kuterereka, chasisi n'kugwera pa njerwa zija. Sizinachite kusweka pakati ngati momwe mungaganizire, zinangoti phwa, kusanduka fumbi lofiira. Chinamupulumutsa ndi tayala limene abwana athu anali atalikankhira ndi phazi kunsi kwa galimoto akudutsa, osanena kanthu. Anatuluka ali mbuu, phewa litathyoka, fumbi la njerwa lili m'kamwa. Njerwa imapirira katundu woyala bwinobwino ngati wa khoma. Ikapanikizidwa pamalo amodzi ndi m'mphepete mwa chitsulo, kapena ikamenyedwa mwadzidzidzi, imaphwanyika osachenjeza. Mabuloko a simenti a mabowo aja ndiye oipa kuposa. Thabwa lolimba limayamba lalira, kuthetheka, munthu n'kupeza mpata wothawa. Njerwa sipereka mpata umenewo.

Tsopano ku jeke. Nambala ya matani ndi yomwe anthu amathamangira, koma kwa inu si yomwe ikuvuta kwambiri. Tengani livrete, chikalata cha galimoto yanu, muone pamene alemba tara, kumene ndi kulemera kwa galimoto yopanda katundu, ndi peso bruto, kulemera kwake itasenza zonse zomwe ikuloledwa. Hilux ya zitseko zinayi yopanda katundu imakhala cha m'matani 2 kapena kuchepera pang'ono, Vitz cha pa tani imodzi. Jeke sinyamula galimoto yonse. Mukakweza kutsogolo, kumene kuli injini, mwanyamula zopitirira theka pang'ono, tinene tani imodzi ndi makilogalamu 200. Pa masamu okha, jeke ya matani 2 ikukwana. Koma ine ndimafuna jeke imene mphamvu yake ndi yosachepera magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa galimoto yonse, ndipo ikapitirira ndi bwino, chifukwa chida chogwira ntchito pafupi ndi malire ake tsiku ndi tsiku chimatha msanga. Komanso manambala olembedwa pa majeke otchipa ena ndimawakhulupirira theka.

Vuto lenileni la kajeke ka matani 2 kaja ndi msinkhu. Timajeke timeneti, tobwera m'kabokosi kapulasitiki, tambiri timathera pa masentimita 33 mpaka 35. Pikapu ndi yaitali kale, ndiye gawo lalikulu la msinkhu umenewo limathera kungofika pa chitsulo chokwezera. Mukayamba kukweza, thupi la galimoto limakwera koma tayala limatsalira pansi, poti masipuling'i akutambasuka kaye. Mumapopa mpaka jeke kufika pamapeto, tayala likadali pa dothi. Apa m'pamene munthu amayamba nzeru zoika chipika pamutu pa jeke kapena njerwa pansi pake, ngozi n'kuyambira pomwepo. Majeke a matani 3 a m'galaja ambiri amafika masentimita 45 mpaka 50, ndi otambalala, mpini wake ndi wautali, ndipo mbale ya pamutu pake ndi yaikulu. Kwa Hilux tengani imeneyo.

Musanabwerere ku sitoloko tengani tepi muyeze zinthu ziwiri pakhomo panu. Kuchokera pansi kufika pa chitsulo chopingasa cha kutsogolo kwa Hilux, kuti mudziwe msinkhu umene ukutayika. Ndiponso kuchokera pansi kufika kunsi kwa Vitz ya amayi, chifukwa jeke yaikulu ikhoza kukanika kulowa kunsi kwa galimoto yaifupi. Majeke wamba mutu wake umayambira pa masentimita 13 kapena 14, pamene ena opangidwa mwafulati amayambira pa 8 kapena 9. Ngati yanu ikukana kulowa pang'ono, kwezani matayala a Vitz pa matabwa awiri oyala pansi poiyendetsa, mpata upezeka. M'masitolo a ku Tete mukafunsa macaco akupatsani jeke, masitandi ndi cavaletes. Inyamuleni jekeyo muimve kulemera. Ya matani 3 yachitsulo yeniyeni imalemera makilogalamu 30 kapena kuposa. Ikakhala yoti mwainyamula ndi dzanja limodzi koma palembedwa matani 3, ibwezeni pa shelefu. Pemphani kuti muipope mpaka pamwamba, muimirire pamutu pake, kenako mupotokole mpini pang'onopang'ono. Yabwino imatsika mwaulemu monga mwaiuzira. Imene imangoti khu mukangokhudza mpini idzakugwetserani galimoto pa masitandi mwamphamvu tsiku lina.

Pali chinthu china chimene ogulitsa sanena, ndipo kwa ife a kuno ndi chachikulu. Jeke ya matayala inapangidwira pa simenti. Mkono wake sukwera chilili ngati wa jeke ya botolo. Umakwera mozungulira, mutu wake ukubwerera cham'mbuyo. Kuti mutuwo ukhalebe pamalo pomwe mwauika, jeke yonse imayenera kumayenda pang'onopang'ono kulowa kunsi kwa galimoto pamene mukupopa. Matayala ake ndi a ntchito imeneyo, osati ongokokera. Pa dothi, pa miyala kapena pa mchenga timatayala timeneti timatitimira n'kukanirira. Jeke ikalephera kuyenda imayamba kukoka galimoto, kapena mutu wake umaterereka pa chitsulo. Choipa kwambiri chimachitika pamene mbali imodzi ili kale pa masitandi inu mukukweza mbali inayo: jeke yokanirira imakoka galimoto yonse, masitandi aja n'kupendekeka inu maso ali kwina.

Ndiye funso ndi lakuti, pakhomo panu pali simenti? Ngati palibe, ndipo ndikudziwa kuti makomo ambiri ku Angónia ndi dothi lofiira limene mvula ikagwa mu Januwale limafewa ngati phala, muli ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kuwaka kachigawo ka simenti kosalala, kopanda chitsetse, kokwana galimoto imodzi. Kadzakuthandizaninso poumitsa chimanga. Yachiwiri ndi kupeza chitsulo chafulati chochindikala kapena thabwa lolimba lalikulu loti jeke yonse ikhalepo n'kutsala malo oyendera. Zikakanika zonsezi, ndikuuzani mosabisa kuti jeke ya botolo ya matani 4 kapena 6 yokhazikidwa pa thabwa lochindikala ikutumikirani bwino pa Hilux kuposa jeke ya matayala yodulayo, ndipo imakwana kuseri kwa mpando. Kungoti kunsi kwa Vitz silowa, ndiponso mutu wake ndi waung'ono, umafuna kuulunjika bwino. Masitandi nawo pa dothi amafuna matabwa pansi, sitandi iliyonse thabwa lake lotambalala kuposa miyendo yake. Ngakhale pa phula musadalire. Kutentha kwa mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala, kopitirira madigiri 40 kuja, kumafewetsa phula, miyendo ya sitandi n'kumalowa pang'onopang'ono, mwendo wina kwambiri kuposa unzake.

Posankha masitandi werengani bwino chomata chake. Ambiri nambala ya matani imene amalemba ndi ya awiri pamodzi, osati imodzi. Olembedwa matani 3 ndiye kuti iliyonse ndi tani imodzi ndi theka. Kwa Vitz amenewo ndi okwana n'kutsala. Kwa Hilux mphamvu yake ikukwananso, koma msinkhu ndi womwe umavutanso: a matani 3 ambiri amathera cha pa masentimita 42 kapena 43, ndipo pa pikapu mumawakoka mpaka dzino lomaliza, pamene sitandi imakhala yosakhazikika kwenikweni. A matani 6 amayambira cha pa 39 kufika cha pa 60, ndipo miyendo yake ndi yotambalala. Pa Hilux ndimakonda amenewo, osati chifukwa galimoto ndi yolemera choncho, koma kuti agwire ntchito ali m'munsi mwa msinkhu wawo. Tsoka lake ndi lakuti kwa Vitz ndi aatali kwambiri. Galimoto ziwiri zosiyana chonchi zimafuna mapeyala awiri. Yambani ndi a galimoto yomwe mumalowa kunsi kwake kawirikawiri.

Masitandi alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi mabowo, mumalowetsa pini yachitsulo. Ena ali ndi mano, mumangokoka mutu m'mwamba kachitsulo ka mkati n'kugwira dzino. A mano ndi ofulumira, koma chitetezo chawo chonse chili pa momwe kachitsuloko kakulowera m'dzino. Mu 2020 ku America kampani ya Harbor Freight inaitanitsa masitandi ake a mano pafupifupi 1.7 miliyoni, a matani 3 ndi a matani 6, chifukwa pa ena kachitsulo kogwira kankangokhudza nsonga ya dzino moti katundu akasuntha kankatha kuphonyoka. Ena mwa amene anapereka m'malo mwake anawaitanitsanso chaka chomwecho chifukwa cha kuwotcherera kolakwika. Ngati zinachitika kumene kuli oyang'anira katundu okhwima, kuli bwanji katundu wofika kuno wopanda n'dzina la fakitale? Choncho m'sitolomo kokani mutu wa sitandi dzino ndi dzino, musuzumire ngati kachitsuloko kakulowa mpaka pansi pa dzino lililonse. Gwedezani mutuwo uku ndi uku. Tembenuzani sitandiyo muone mowotcherera: mzere wake ukhale wosalekeza, osati timadontho ngati zitosi za nkhuku topakidwa penti. Mukapeza a mano okhalanso ndi pini yachiwiri yotsekera, tengani amenewo. Pa a pini, pini ikatayika musalowetse msomali kapena kachidutswa ka chitsulo chomangira nyumba.

Mudzamva ena akuti owotcherera a pamsika angakupangireni masitandi pa mtengo wochepa. Ndaonapo opangidwa bwino, a paipi yochindikala ndi miyendo yomangidwa pamodzi m'munsi, ndipo amakaniko ambiri akugwirira ntchito amenewo. Ndaonanso a paipi ya madzi yopyapyala. Vuto ndi lakuti palibe anawayesa, ndiye woyesa woyamba ndinu, muli kunsi. Ine sindingakulimbikitseni. Ndalama zikavuta, bola zipika za mtengo wouma wolimba, zocheka mbali zinayi, zazifupi ndi zotambalala, zogoneka chafulati, osati bulugamu wozungulira amene amagubuduka.

Poika jeke, galimoto zanu ziwirizi ndi zosiyana ngati ng'ombe ndi mbuzi. Hilux ili ndi chasisi, zitsulo ziwiri zikuluzikulu zochokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Kutsogolo jeke imagwira pakati pa chitsulo chopingasa cholumikiza ziwirizo, masitandi n'kukhala pansi pa chasisi, kumanja ndi kumanzere, pa msinkhu wofanana. Kumbuyo jeke imagwira pansi pa chibuthu cha difu, masitandi pansi pa ekiselo pafupi ndi masipuling'i, kapena pa chasisi ngati ntchito yanu ndi ya masipuling'i omwewo. Samalani ndi chitsulo chopyapyala choteteza injini ku miyala, chimaoneka ngati cholimba koma chimapindika. Sampu ya oyilo, thanki ya mafuta, ndi ndodo za chiwongolero musaziyandikire n'komwe. Pa Hilux yakale yoyenda m'matope, gogodani chasisi ndi hamala pamalo pomwe mukufuna kuika sitandi. Pakamveka ngati chitini kapena pakagwa makoko a dzimbiri, sunthani. Vitz ilibe chasisi chotero. Kunsi kwa zitseko kuli mzere wachitsulo wopinda, ndipo pafupi ndi tayala lililonse pali timano tiwiri tosonyeza pamene analimbitsa. Pamenepo ndi pomwe pali pokwezera. Ikani kachidutswa ka mphira yochindikala kapena kathabwa kolimba kokhala ndi mpata pakati, kuti mzerewo usaphwanyike. Buku la galimoto likakhalapo, zithunzi zake zimaonetsa malo onsewa ngakhale litalembedwa m'Chijapani.

Tsitsani katundu kaye. Ndikunena izi chifukwa cha ntchito yanu. Matumba a mbatata odzaza kumbuyo akhoza kuwonjezera tani yathunthu pa ekiselo ya kumbuyo, masamu onse tawerenga aja n'kusokonekera, komanso katundu wam'mwamba amapangitsa galimoto kupendama msanga.

Kakwezedwe kake n'kosavuta, koma dongosolo lake musalisinthe. Galimoto ikhale pamalo athyathyathya, injini yozima, giya yoyamba, handibuleki yokoka. Tsekerani matayala otsala pansi kutsogolo ndi kumbuyo kwake ndi zipika zosongoka. Kumbukirani kuti handibuleki imagwira matayala a kumbuyo okha, ndipo pa Hilux giya nayo imagwira a kumbuyo omwewo. Mukangokweza kumbuyo, palibe chogwira galimoto kupatula zipikazo. Masulani manati pang'ono tayala likadali pansi. Kwezani, maso ali pamutu pa jeke ndi pa timatayala take ngati tikuyenda. Lowetsani masitandi ndi dzanja lotambasula, mutu wanu uli kunja. Tsitsani pang'onopang'ono mpaka kulemera konse kukhale pa masitandi, kenako bwezani jeke ingokhudza chitsulo osanyamula. Mukatero imirirani muigwedeze galimotoyo ndi manja awiri mwamphamvu ndithu, kutsogolo, kumbuyo ndi cham'mbali. Ngati ili yoti igwe, igwe inu muli chilili. Onani miyendo yonse ya masitandi ngati yaponda pansi. Tayala lomwe mwachotsa likankhireni kunsi kwa chasisi chafulati, monga anachitira abwana athu aja. Ndipo pakhomo pakhale munthu wamkulu wodziwa kupopa jekeyo. Aonetseni amayi kamodzi momwe valavu imatsekedwera.

Bawuti yokanirira ndi imene imagwetsa galimoto zambiri, chifukwa munthu amakoka cham'mbali ndi thupi lonse. Ithireni mafuta omasulira dzulo lake, ndipo ngati n'kotheka iyambeni kumasula galimoto ikadali pansi.

Kusamala jeke sikufuna zambiri. Isungeni m'nyumba mutu uli pansi kuti ndodo yonyezimira ya mkati isachite dzimbiri, poti dzimbiri ndilo limadya mphira. Oyilo wake ndi wa majeke kapena wa hayidiroliki wopepuka, wa nambala 32. Mafuta a mabuleki musathiremo ngakhale wina atakuuzani kuti ndi amodzimodzi. Amatupitsa mphira n'kuiwononga. Ikayamba kukwera monyinyirika kapena kusafika pamwamba, kawirikawiri ndi mpweya kapena oyilo wachepa: tsegulani valavu yotsitsira, popani kangapo, tsegulani kachivindikiro kothirira kuti mpweya utuluke, onjezerani oyilo kufika m'munsi mwa bowolo jeke ili pansi. Pali sikuluwu ina yotsekedwa ndi kachipewa, yoletsa jeke kunyamula zopyola mphamvu yake. Amisiri ena amaimanga kuti jeke "ikhale ndi mphamvu". Isiyeni momwe inabwerera.

Za panjira ndi nkhani ina. Jeke ya makilogalamu 30 simudzayenda nayo ku Tete, ndiye tayala likaphulika pakati pa Mussacama ndi Moatize mudzagwiritsa ntchito jeke yobwera ndi galimoto. Imeneyo ndi yosinthira tayala basi, kunsi osalowa, ngakhale mkono. Yendetsani pang'onopang'ono mpaka mupeze malo athyathyathya kutali ndi phula, chifukwa pa msewu wa N7 mathiraki opita ku Zóbuè amadutsa ndi mphepo yokwana kugwedeza pikapu yomwe ili pa jeke. Ikani matrayango anu awiri ochenjezera magalimoto ena, valani chovala chonyezimira chija, okwera onse atsike. M'galimoto muzikhala thabwa lochindikala la masentimita 30 mbali zonse loika pansi pa jeke, ndi zipika ziwiri za matayala. Apo katundu simungatsitse yense, ndiye jeke ya botolo ya matani 4 ija imaposa yobwera ndi galimoto.

Ndalama zikakhala zoti mugule chimodzi mwezi uno, gulani masitandi a matani 6 ndi matabwa ake, muzikweza ndi jeke yomwe muli nayo kale, mbali imodzi kenako inayo, pang'onopang'ono. Jeke ya matani 3 idzabwere mukagulitsa mbatata ya ulendo wotsatira, simenti ija itauma. Ndipo posintha oyilo wa Hilux yesani kaye osakweza n'komwe: galimotoyo ndi yaitali mokwanira kuti munthu wogona pa katoni afike pa bawuti ya sampu matayala onse anayi ali pansi.